Mpopi udafika pomalizira ku Nkhudzi

Katswiri wofukula zakale akatola phale la mbiya kumwera kwa dziko lino, amaliyang'anitsitsa mlomo, kuchindikala kwake ndi mizere imene woumba adalembapo, kenaka n'kutchula mtundu wa mbiyayo. Atatu mwa maina amene akatswiriwa amatchulira mitundu ya mbiya ndi a malo a m'boma la Mangochi: Nkope, Mawudzu ndi Nkhudzi. Ophunzira a m'mayunivesite akutali amawaloweza mainawa pokonzekera mayeso, koma ana ambiri amene amasewera pamchenga wa ku Nkhudzi sadauzidwepo kuti kwawo kudalembedwa m'mabuku otere.

Dzina la Nkhudzi lidalowa m'mabukumo chifukwa cha manda akale amene Ray Inskeep adafukula pagombeli, ndipo lipoti la zomwe adapeza lidasindikizidwa mu 1965. M'mandamo mudali mbiya zoumbidwa mwaluso, zida zachitsulo ndi mikanda yagalasi yochuluka. Eni ake adakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Mikandayo idawoloka nyanja zamchere n'kukwera kumtunda pamitu ya amalonda, posinthana ndi minyanga ya njovu, ndipo m'zaka zoipa zija posinthana ndi anthu. Ku Nkope, pang'ono chabe kuchokera pa Nkhudzi, Keith Robinson adafukula mapale akale kuposa apa, a anthu amene ankadziwa kale kuyenga chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Ndiye amene amayamba mbiri ya luso la zopangapanga kunyanja kuno ndi tsiku limene mzungu adafika ndi sitima, amaiyambira pakati. Chiyambi chake ndi ng'anjo yadothi, makala ndi mvukuto. M'ng'anjomo ndimo mudatuluka chitsulo cha nkhwangwa ndi nsompho, ndipo popanda ziwirizi bwato sukadasemedwa. Munthu asaupeputse bwato wosema. Mmisiri wake amayenera kudziwa mtengo wosaola msanga m'madzi, poyenera kusema kwambiri ndi poyenera kusiya pochindikala, kuti bwatowo usamapendekeke mafunde akakula. Sitima zamoto zimene zidabwera pambuyo pake zina zidamira, zina zidaphwasulidwa, zina zikuchita dzimbiri padoko, koma bwato ukadali pamadzi m'mawa uliwonse. Chimene chikuuopseza masiku ano ndi kutha kwa mitengo ikuluikulu m'mapiri.

Maukonde nawo ankalukidwa pakhomo, ndi ulusi wopota pantchafu kuchokera ku luzi la bwazi ndi zomera zina. Khoka limodzi linkadya miyezi kuti lithe, ndipo linkaola msanga, motero msodzi ankataya masiku ambiri akusoka ndi kuyanika. Kufooka kwa ulusi kumeneko n'kumene kunkapatsa nsomba mpata woswana.

M'zaka za m'ma 1800 padabwera zombo zamatanga zokhomedwa ndi matabwa, luso la Aswahili a kugombe la Kilwa ndi Zanzibar. Jumbe wa ku Nkhotakota adali nazo, Makanjira wa kutsidya la kum'mawa adali nazonso. Zinkanyamula katundu woti mabwato khumi sakadamutha, koma katundu wake wamkulu adali minyanga ndi akapolo. Kwa munthu wamba wa pagombe, thanga likaonekera patali chidali chizindikiro chokusa ana n'kuthawira kuphiri.

Sitima yoyamba yamoto idalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala 1875. Dzina lake idali Ilala, potengera dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Idakhomedwa ku London ndi kampani ya Yarrow, ndipo adabwera nayo ndi amishoni a ku Scotland motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Kadali kasitima kosakwana mamita 15 m'litali. Adakalumikiza pamathiriro a Zambezi, kadakwera mtsinjewo n'kulowa mu Shire, koma katafika pamathithi kadayenera kumasulidwa konse. Apa mabuku ambiri amangodutsapo mothamanga, chonsecho m'pamene padagona ntchito. Amuna pafupifupi 800, osonkhanitsidwa ndi mafumu Achikololo a kuchigwa cha Shire, adasenza sitimayo zidutswazidutswa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'tinjira tamiyala, dzuwa lachilimwe lili pamutu, malipiro ake nsalu. Olemba mbiri ya mishoniyo amati palibe chidutswa ngakhale chimodzi chimene chidasowa. Maina a Young ndi Laws ali pazipilala ndi pamasukulu. Amuna 800 aja alibe chipilala paliponse.

Sitimayo idaima kaye kwa mfumu Mponda, pamene Shire amatulukira m'nyanja, kukapempha malo. Kuchoka apo idadutsa kutsogolo kwa Nkope ndi Nkhudzi kulowera ku Cape Maclear, ndipo anthu a pagombe adaona koyamba chombo chopanda thanga, chopanda wopalasa, chikufuka utsi. Malungo sadalole amishoniwo kukhalitsa. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, kusiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri. Koma sitima zidapitiriza kubwera, za amishoni, za kampani ya Mandala ndi za boma, ndipo zonse zinkadya nkhuni. M'madoko ambiri mudakhazikitsidwa malo ounjikira nkhuni za sitima, ndipo kwa zaka makumi angapo nkhwangwa za anthu a m'midzi n'zimene zinkayendetsa malonda a panyanja.

Kusenza kuja kudabwerezedwa ndi sitima ya amishoni a Anglican a UMCA, Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene adamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Idapangidwa ku Glasgow n'kutumizidwa m'mitolo 3,481. Mitolo ina yonse idatheka pamutu, koma chithanki chowiritsira madzi a nthunzi, cholemera matani 11, sichikadagawika. Adachikweza pangolo ya mawilo achitsulo, ndipo amuna 450 Achingoni adachikoka ndi zingwe, kukwera zitunda, kutsika m'makwawa, tsiku lonse n'kuyenda makilomita owerengeka. Katundu atafika kumwera kwa nyanja, omanga adapeza kuti manambala amene adalembedwa pazidutswa adafufutika pamene zitsulozo zinkakutidwa kuti zisachite dzimbiri. Adayenera kuyesa chidutswa ndi chidutswa mpaka chilichonse chitapeza malo ake. Sitimayo idalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Idagwira ntchito ngati sukulu, tchalitchi ndi chipatala choyandama, m'zaka za m'ma 1950 boma lidaigula, pambuyo pake idaikidwa injini ya dizilo, ndipo thupi lake likadali ku Monkey Bay, imodzi mwa sitima zakale kwambiri zimene zatsala mu Africa.

M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes ya African Transcontinental Telegraph idakoka waya wa telegalafu kudzera ku Tete ndi Blantyre, kufika ku Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, n'kupitirira m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga. Mphamvu ya wayayo idaoneka mu Ogasiti 1914. Boma la ku Zomba lidamva msanga kuti nkhondo yabuka ku Ulaya, ndipo lidatuma Kaputeni Rhoades ndi sitima yankhondo ya Guendolen, imene idalumikizidwa ku Fort Johnston komweko, kukasaka sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Adaipeza itakokeredwa kumtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera. Woyendetsa wake, amene adali bwenzi la Rhoades, adabwera mokalipa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, chifukwa iye uthenga wa nkhondo udali usadamufike. Mfuti ya Guendolen ikadali pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pa Mangochi boma. Alendo amaimva nkhaniyi n'kuseka, koma kwa anthu akuno nkhondo imeneyo idali ya mtengatenga: amuna zikwizikwi adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali kumpoto, ndipo ambiri sadaonenso kwawo.

Pansanja yomweyo pali chikumbutso china chimene munthu sangachiwerenge n'kuseka. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya idagubuduzika ndi mphepo ya mwera kufupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 adamira. Idali itangoyenda maulendo ochepa. Ngozi imeneyi ndiyo idapangitsa kuti sitima yolowa m'malo mwake ipangidwe mosamala. Ilala yachiwiri idakhomedwa ndi kampani ya Yarrow yomwe ija, ulendo uno ku Glasgow. Zidutswa zake sizidafunenso mitu ya anthu mazanamazana, poti njanji idali itafika ku Chipoka kuyambira mu 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa. Idalumikizidwa ku Monkey Bay ndipo idayamba ntchito mu 1951. Papita zaka zoposa 70, koma anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe akuidalirabe. Ulemu wa zimenezi upite kwa amisiri Achimalawi a padoko la Monkey Bay, owotcherera, okonza injini ndi opala dzimbiri, amene akhala akuisamala mibadwo itatu. Kugula makina n'kosavuta poyerekeza ndi kuwasunga amoyo.

Ngakhale ndege zidatera pamadzi amenewa. Kuyambira kumapeto kwa 1949, ndege zotera panyanja za kampani ya BOAC, zamtundu wa Solent, zinkaima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg, okwera ake n'kugona pahotela ya pagombe. Sipadathe nthawi yoposa chaka, ndege zotera pamtunda zidalanda msika, ndipo hotelayo idatha. Mwana wa ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear pomwepo, adaona ndege ya injini zinayi ikutera pamadzi amene amayi ake ankatunga akumwa osaphitsa.

Tikaziika zonsezi pamzere, chimene chikuoneka ndi ichi: zipangizo zinkafika kuno motsata zofuna za amene adazibweretsa. Sitima idabwera chifukwa cha mishoni ndi malonda, waya chifukwa cha ulamuliro, ndege chifukwa cha apaulendo olemera. Munthu wa ku Nkhudzi ankasenza, ankadula nkhuni, ankaonerera. Zimene zidalowa m'nyumba mwake n'kusintha kadyedwe ndi kagonedwe kake zidali zinthu zazing'ono, zopanda tsiku lokumbukira, ndipo pafupifupi zonse zidafikira muukonde.

M'zaka za m'ma 1930 abale a banja la Yiannakis, ochokera ku Greece, adayamba usodzi wamalonda kuchigawo chino cha nyanja, ndipo mu 1943 adabweretsa khoka lozinga nsomba pakati pamadzi. Maboti awiri a injini amazungulira gulu la chambo, kenaka chingwe chapansi chimakokedwa, ukonde n'kutsekeka ngati kukamwa kwa thumba. Nsomba imene kale inkapulumuka pokhala kutali ndi gombe idasowa kothawira. Malole adayamba kunyamula chambo kupita ku Blantyre, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, ngakhale ku Salisbury (Halale). Mu 1968 bizinesiyo idapita m'manja mwa MALDECO, imene pambuyo pake idakhala ya Press Corporation, ndipo chaka chomwecho usodzi wa matrola okoka ukonde pansi pa nyanja udayamba. Ku Mpwepwe, pamsewu womwewu wa Monkey Bay, kudakhazikitsidwa malo okhomera maboti ndi sukulu ya zausodzi.

Asodzi a m'midzi sadakhale manja lende. Ulusi wabwino usadafike m'sitolo, adatulukira nzeru yosupula ulusi wa m'matayala akutha a galimoto n'kulukira maukonde olimba kuposa a bwazi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 nayiloni idafika, ndipo posakhalitsa fakitale yoluka maukonde idatsegulidwa ku Blantyre. Amuna obwera ku Joni ndi ku Halale adaika ndalama zawo m'matchera ndi m'makoka. Nayiloni siola, siilemera ikanyowa, ndipo munthu atha kuitchera lero, mawa ndi mkuja osaipumitsa. Kenaka padabwera injini zomangirira kumbuyo kwa boti, ndipo asodzi ochokera ku Likoma ndi kumpoto adafalitsa ukonde wa chilimira m'madoko a kumwera monga Msaka, Chembe ndi Malembo.

Amene akufuna kuona zipangizo zonsezi zikugwira ntchito pamodzi akaime pagombe usiku wamdima, mwezi usadatuluke. Nyanja imadzaza nyali mpaka kumalekezero a maso. Umenewo ndiwo usodzi wa kauni. Patsogolo pamapita siginala, yekha m'bwato wosema, nyali zitamangidwa kumapeto kwa bwatowo. Amakhala phee, maso pamadzi, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwalako. Akaona kuti wakwana, amapalasa pang'onopang'ono, nkhafi osaimenyetsa, kuukokera usipawo kumene alovi akudikira ndi chilimira pakati pa maboti awiri. Akapereka chizindikiro, alovi amakoka ndi mphamvu zawo zonse. Kulakwitsa kwa siginala ndi njala ya mabanja khumi, n'chifukwa chake siginala waluso eni zida amamulimbirana. Kale kuwalako kunkachokera ku miuni ya udzu ndi nkhuni. Padabwera nyali za parafini zopopa, zofuna galasi ndi chisamaliro usiku wonse. Lero ambiri ali ndi mababu a LED olumikiza ku batire, limene masana limatchajidwa ndi sola. Mtengo wa parafini udachoka pamsana pa mwini boti, koma kuwala kudachuluka, ndipo maboti adachulukanso.

Kukacha, amayi amakhala atafika kale ndi mabeseni. Usipa umagulidwa pachigoba, wina n'kuyanikidwa pathandala, wina n'kufutsidwa, wina n'kukazingidwa m'mafuta. M'madoko ena mudamangidwa timatenti tapulasitiki toumitsira nsomba ndi dzuwa, totchinga ntchentche, fumbi ndi mvula. Ndi luso labwino, lochepetsa nsomba zoola nthawi yadzinja, ngakhale kuti mtengo womangira umaposa thumba la mayi mmodzi.

Nyanja idayamba kale kuonetsa kutopa. Asayansi adachenjeza msanga: kafukufuku wa mu 1939, momwe mudali Ethelwynn Trewavas, ndi wa Rosemary Lowe wa pakati pa 1945 ndi 1947, adafotokoza mitundu ya chambo, nyengo yake yoswana ndi kufunika koteteza tiana take m'madzi osaya. Koma maso a maukonde adapitirira kuchepa. Makoka a kambuzi ndi nkacha adasesa pansi pa nyanja ya Malombe, kuzula zomera ndi kufafaniza zisa zimene chambo chimakumba pamchenga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Malombe inkatulutsa matani a chambo oposa 8,000 pachaka. Pofika m'zaka za m'ma 1990 adatsala mazana ochepa. M'pamene boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, kuyambira ku Malombe komweko mu 1993, ndipo lamulo latsopano la zausodzi lidadza mu 1997. Komabe masikito ogawidwa kuti ateteze ana ku malungo adapezeka atasokereredwa kuthumba la khoka, ndipo maukonde a ulusi umodzi woonekera, oletsedwa ndi lamulo, adadzaza m'misika. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo pamndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Lero nsomba yoposa theka ya imene imagwidwa m'dziko muno ndi usipa, ndipo chambo china chimene chimafika mumzinda n'choweta m'zikwere zoyandama.

Pali chotsatira china chimene anthu sachilumikiza ndi ukonde. Ofufuza monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen adaonetsa kuti kudera la Cape Maclear, nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka. Khoka la maso ang'onoang'ono limene lidabweretsa ndiwo madzulo, lidathandizanso kuti mwana wosambira pagombe azikodza magazi. Sindikunena izi podzudzula msodzi, amene naye akusaka chakudya cha ana ake. Ndikunena kuti chida chilichonse chimene chidalowa m'madzi amenewa chidakhudza zinthu zimene wochigula sadaziganizire.

Foni yam'manja ndiyo idafalikira mofulumira kuposa zonse. TNM idayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel, imene lero ndi Airtel, mu 1999. Airtel Money idabwera mu 2012, Mpamba mu 2013. Wogula nsomba wa ku Limbe kapena ku Lilongwe saonongeranso ndalama ya basi pachabe. Amaimba kaye kufunsa ngati usipa wafa ndi mtengo wa chigoba, n'kutumiza ndalama pafoni. Mlovi amatumiza yandiwo kumudzi asadaidye padoko. Chenjezo la mwera lochokera ku nthambi ya zanyengo limamveka pa wailesi ya Dzimwe, imene idayamba mu 1998 ku Monkey Bay, ndipo limayenda pa WhatsApp. Mwera ukadaphabe asodzi chaka ndi chaka, koma amene wamva chenjezo ali ndi mwayi umene okwera Vipya adalibe.

Tsono taganizani: munthu ali ndi foni m'thumba, sola padenga, injini ya Yamaha paboti, koma madzi akumwa akutunga pamene ena akuchapa, akutsuka nsomba ndi kusamba. Umu ndi momwe midzi yambiri ya pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay idakhalira mpaka posachedwapa. Mahotela ndi nyumba zopumulirako anthu olemera zidali ndi mapampu ndi mathanki awoawo. Mijigo idakumbidwa ndithu, koma yambiri ya m'mbali mwa nyanja imatulutsa madzi amchere, osamweka, osaphikira nyemba. Mayi ankadzuka m'bandakucha ndi ndowa, kulowa m'madzi mpaka m'mawondo kuti apeze oyererako, m'malo ena akuyang'ana uku ndi uku kuopa ng'ona.

Chowawa n'chakuti luso loyeretsa madzi ndi lakale kuposa Ilala yoyamba. Tauni ya Paisley, ku Scotland komwe kudachokera amishoni aja, idayamba kusefa madzi ake ndi mchenga mu 1804. Mu 1854 dokotala John Snow adaonetsa ku London kuti kolera imayenda ndi madzi akumwa. Mu 1908 mzinda wa Jersey City ku America udayamba kuthira klorini m'madzi a anthu onse. Robert Laws mwiniwakeyo adakoka madzi a m'mipope ndi kuyatsa magetsi ku Khondowe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nzeru idalipo, zipangizo zidalipo. Chimene chidasowa kwa zaka zoposa 100 ndi wolamula amene akadaona ludzu la mudzi wa asodzi ngati chinthu chofulumira.

Ntchito ya bungwe la Southern Region Water Board, yothandizidwa ndi ngongole ya Kuwait Fund, ndiyo idadzasintha zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Kachitidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Madzi amapopedwa m'nyanja pa Nkhudzi, amadutsa m'malo osefera ndi kuthiridwa mankhwala, kenaka mapampu amawakankhira kuthanki yaikulu pamwamba pa phiri la Nkhudzi. Kuchoka pamenepo amatsika okha m'mipope kupita kumidzi ndi kumalo a malonda a m'mbali mwa msewu, kumene ntchitoyi idakonzedwa kuti ifikire anthu oposa 90,000. Thanki imafuna pokwera kuti madzi akhale ndi mphamvu yofika kutali, ndiponso kuti magetsi akazima mipopi isaume nthawi yomweyo.

Koma phiri limenelo lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 UNESCO idaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tosapezeka kwina kulikonse. Mabungwe oteteza zachilengedwe adadandaula kuti msewu wokwera phiri, kuswa miyala ndi kudula mitengo zidzakokolola dothi kulowa m'nyanja, n'kukwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Adatinso ntchito idayamba ndondomeko zounika chilengedwe zisadathe. Nkhani idafika kukhothi, ntchito idaima, ndipo mafumu ndi anthu awo adakwiya. Mkangano uli m'kati, mu Malichi 2022 kolera idabuka ku Machinga n'kufalikira dziko lonse. Pofika mu 2023 idali itapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adaika maliro ochuluka.

Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo, ndipo cholakwa chachikulu chidali kulola kuti zifike poti munthu asankhe pakati pa mwana wake ndi mbuna. Amene adafunsa mafunso a zachilengedwe sadali adani a anthu. Tikadakhala ndi owafunsa otero pamene makoka a nkacha ankalowa mu Malombe, bwenzi chambo chikadalipo. Koma naye mayi amene waika mwana chifukwa cha madzi oipa sungamuuze kuti adikire chaka china. Kuunika malo, kumva maganizo a anthu ndi kuyerekeza mapiri ena kukadachitika poyera ntchito isadayambe, miyezi yambiri sikadatayika m'makhothi. Pamapeto pake ntchito idapitirira, thanki idamangidwa, madzi adayamba kutuluka.

Zotsala si zazing'ono. Mpope kudutsa pamsewu sikutanthauza kuti walowa pakhomo. Ndalama yolumikizira ndi bilu ya pamwezi zimalemera kwa banja limene chuma chake chimakwera ndi kutsika ndi usipa, ndipo mwezi umene mwera waomba masabata awiri, ena adzabwerera kunyanja ndi ndowa. Mapampu amadalira magetsi a pa Shire, amene mu Januwale 2022 adachepa kwambiri namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, ndiye mphamvu ya dzuwa, ngati imene ikupangidwa ku Golomoti, iyenera kuganiziridwa pamalo opopera madziwa. Pakufunika amisiri a mipope ophunzitsidwa kuchokera m'midzi yomweyi, okhala pafupi, oti paipi ikaphulika Loweruka asadikire galimoto yochokera kuboma Lolemba. Mabala a msewu wa paphiri akufunika mitengo ndi ngalande zoti dothi lisatsikire kwa mbuna, ndipo amene adalonjeza zimenezi afunsidwe chaka ndi chaka.

Ndipo pali anthu amene mpopi wa pakhomo suwafika n'komwe: alovi ndi ogula nsomba amene amasamuka doko ndi doko kutsata usipa, kugona m'zisakasa pamchenga. Kolera ikabuka kunyanja, kawirikawiri imayambira pakati pa iwowa. Madoko akuluakulu onse a m'derali akufunika malo ogulitsira madzi pamtengo wa chigubu, otsegula m'bandakucha maboti akamafika, pamodzi ndi zimbudzi zolimba zosagumuka mumchenga, ndipo makomiti a m'madoko amene amatolera kale ndalama kwa eni maboti angathe kuziyang'anira.